Weather Warden: mafunso omwe mwakhala mukundifunsa pa mabuku a ogwira mvula ndi majini a m'botolo

Chiyambireni kuuza anthu kuti ndamaliza mabuku onse 9 a Weather Warden mafunso sakutha, ena akufuna kudziwa ngati kuli koyenera kutayapo nthawi, ena anawerenga loyamba lokha nkusiya ndiye akufuna ndiwauze mathero ake mwaulere, enanso angomva mawu oti majini basi ayamba kale kundipempherera kkkk. Ndiye ndati ndingoyankha kamodzi nkamodzi. Maganizo ena ndi anga, ena ndi a anzanga owerenga omwe timakangana nawo, ndipo pomwe ndikuulula nkhani ndichenjezeratu kuti musadzandide.

Ndi mabuku anji amenewa, analemba ndani?

Analemba ndi mayi wa ku America, Rachel Caine, dzina lake lenileni Roxanne Conrad, ankakhala ku Texas. Ambiri amamudziwira pa mabuku a achinyamata aja a Morganville Vampires, koma awa a nyengo ndi omwe anayamba kumutchukitsa. Loyamba Ill Wind linatuluka mu 2003, kenako Heat Stroke 2004, Chill Factor ndi Windfall onse awiri 2005, Firestorm 2006, Thin Air 2007, Gale Force 2008, Cape Storm 2009, lomaliza Total Eclipse 2010. Mwaona liwiro limenelo? Chaka chilichonse buku, chaka china awiri. Zimenezi zili ndi ubwino wake komanso zimaonekera penapake, tifika kumeneko.

Mtundu wake ndi uja azungu amati urban fantasy, kutanthauza kuti matsenga ake sakuchitikira mnyumba za mafumu akalekale ayi, akuchitikira mdziko lomwe lino la magalimoto, mahotela, TV ndi mafoni, anthu wamba akungoyenda osadziwa kuti pamwamba pawo pali nkhondo.

Nkhani yake ndi yotani, musaulule zambiri

Dziko lapansi mmabuku amenewa silimatifuna anthufe. Likanasiyidwa palokha bwenzi namondwe, moto wolusa ndi zivomerezi zitatimaliza kalekale. Ndiye pali kagulu kachinsinsi ka anthu obadwa ndi mphamvu, ma Warden, ntchito yawo nkufewetsa ngozi zimenezi. Alipo a mitundu itatu, a nyengo omwe amagwira mphepo ndi madzi, a moto, ndi a nthaka omwe amathanso kuchiza anthu. Ofesi yawo yayikulu ili ku New York mu bilidingi ya United Nations, ali ndi mabwana, malipiro, ma fomu, kukwezana paudindo mokondera ndi katangale yemwe, ngati boma basi.

Wotifotokozera nkhani ndi Joanne Baldwin, wa nyengo. Buku loyamba likungoyamba iye ali kale pa msewu akuthawa, akumuganizira kuti wapha bwana wake wotchuka Bad Bob Biringanine, mthupi mwake muli chinthu choyipa chomwe chikumudya pang'onopang'ono, ndipo mphenzi zikumutsatira ngati zatumidwa. Akufunafuna mnzake wakale Lewis yemwe ndi yekhayo ali ndi mphamvu zonse zitatu, koma nayenso anathawa ataba mabotolo atatu a majini. Panjira Joanne akunyamula mnyamata wopempha lifiti dzina lake David. Ndilekere pomwepa.

Matsenga a nyengowo amagwira bwanji, amangotukula manja mvula nkugwa?

Ayi ndipo apa ndi pomwe mabukuwa anandigwira ine. Palibe kulankhula mawu achilendo, palibe ndodo, palibe kufukiza. Joanne akafuna kugwira ntchito mzimu wake umakwera kumalo ena omwe amawatcha aetheric, ali kumeneko amaona mpweya wotentha ndi wozizira ngati mitundu, amaona mphamvu ikuunjikana mumtambo, ndiye ntchito yake ndi ya sayansi ndithu, kuziziritsa apa, kutenthetsa apo, kusuntha chinyezi, kudula njira yomwe mphenzi ikukonza isanagwe. Amene munamvetsera jogalafe ku sekondale muzingogwedeza mutu. Amene tinkagona mkalasi tinaphunzirira mmabuku momwemu kuti kamvulumvulu wamkulu wa ku America uja amabadwa mpweya wofunda wachinyezi wochokera ku Gulf of Mexico ukakumana ndi wozizira wouma wochokera kumpoto, nchifukwa chake Oklahoma imavutika chaka ndi chaka, ndipo buku loyamba likukathera ku Oklahoma komweko, wolemba sanasankhe malo mwangozi.

Koma chachikulu ndi ichi, mphamvu siifa. Ukaphwasula namondwe pano mphamvu yake imayenera kupita kwina, ukapanda kuyimwaza bwinobwino ikatulukira kwa anthu ena omwe sanakulakwire. Ukakokera mvula kumunda kwa m'bale wako ndiye kuti kwina kwake wina wauma. Choncho ntchito iliyonse ndi ngongole, ndipo ma Warden nthawi zambiri sakuletsa ngozi, akungosankha kuti igwere ndani komanso ikule bwanji. Tangoganizani munthu wakhala mu ofesi ndi khofi wake akusankha kuti mkuntho ukagwere tauni iti, kenako muganize kuti wina wamupatsa kenakake kuti usagwere pomwe pali mahotela ake. Nkhani zotere zilimo. Kwa ine mtima wa mabuku onsewa uli pamenepa, zachikondi zija ndi ndiwo zapambali chabe.

Owerenga ena sagwirizana nane, amati ndime za nyengozo nzotalika ndipo amazidumpha kuti akafike pomwe pali David. Mnzanga wina anachita kundiuza kuti akanafuna kalasi ya sayansi akanabwerera ku Fomu 3. Chabwino, aliyense ndi chake, koma ukadumpha zimenezo watsala ndi nkhani ya mtsikana wothamangitsidwa yomwe ungayipeze paliponse.

Nanga majiniwo ndi otani, ndi omwe timawadziwa ife?

Dzina ndi lomwelo, mmabukumo amalemba Djinn, koma musayembekezere kuti ndi zomwe shehe angakuuzeni. Mu Chisilamu majini ndi zolengedwa za Mulungu zopangidwa ndi moto wopanda utsi, Quran ili ndi sura yonse ya 72 yonena za iwo, ena okhulupirira ena osakhulupirira, ndipo muli nkhani ya Sulaiman yemwe ankawagwiritsa ntchito. Wolembayu anangotenga dzina, moto ndi nthano zija za jini wa m'botolo nkupanga zake. Majini ake ndi ana a dziko lapansi, alipo akale omwe sanakhalepo anthu ndipo amatiwona ngati nyerere, alipo atsopano omwe poyamba anali anthu nkusandulika pa nthawi ya imfa. Amaoneka ngati anthu okongola mopitirira, umawazindikira ndi maso, a David ngati mkuwa wosungunuka, a Rahel achikasu. Rahel ameneyu ndi amene ambiri timamukonda, amavala mitundu yothobwa mmaso, zikhadabo ngati mipeni, ndipo sudziwa ngati lero wabwera kudzakuthandiza kapena kudzakuseka ukufa.

Tsopano botolo. Warden wamkulu amapatsidwa jini wake ngati mmene bwana amapatsidwira galimoto ya kampani. Kumumanga nkosavuta, botolo lagalasi lokhala ndi chotsekera, mawu omangira unene katatu, basi wagwidwa. Chilichonse walamula achita, ukamufunsa funso katatu akuyenera kuyankha, ukamuuza bwerera m'botolo abwerera nkukhala mmenemo kaya zaka zingati. Botolo likasweka wamasuka. Iyeyo amamvera mawu ako ndendende mmene wawanenera osati mmene umaganizira, ndiye ukalamula mosasamala akupweteka ndi mawu ako omwe, ndipo ndani angamunene.

Uwu ndi ukapolo abale, ndipo mabukuwa sabisa. Chomwe chimandisangalatsa nchakuti ma Warden si anthu oyipa onse, akupulumutsadi miyoyo, popanda majini sangathe, ndiye amadzitonthoza kuti aaa si anthu awa, ndi zida chabe. Joanne naye anakula akuganiza choncho, ankangodikira tsiku lodzalandira botolo lake. Chinthu choyipa chija chili mthupi mwake, Demon Mark, njira yochichotsera ndiyo kulamula jini kuti achitenge, koma poti jini samafa ndiye kuti wamuponya mmazunzo osatha. Ndiye funso la buku loyamba ndi lakuti iwe ukufa, botolo lili apa, uchita? Anzanga ena amati iwo akanalamula osaphethira nkomwe, ndipo ndikuwakhulupirira, ndimawadziwa kkkk.

Pomwe ena amadandaula, ndipo ali ndi mfundo, mpakuti wolemba anatenga chinthu cha chipembedzo cha anthu ena nkuchisandutsa anyamata okongola oti mtsikana wa ku Florida azigwa nawo mchikondi. Mnzanga wachisilamu anawerenga theka nkuseka, akuti awa si majini, ndi ma modelo.

Ndine wopemphera, kodi si za satana zimenezi?

Funso ili limabwera kawirikawiri ndipo sindiliseka. Ndi nthano yopeka, mulibe malangizo a mmene ungayitanire mzimu, mulibe chomwe ungatengemo nkukayesa kuseri kwa nyumba. Ziwanda zilimo koma ndi adani. Dziko lapansi amalitenga ngati mayi wamoyo yemwe ali mtulo ndipo akadzuka kwatha, izi kwa ena sizingawakhalire bwino. Mayina a David ndi Jonathan, mkulu wa majini, akukumbutsani 1 Samueli ndipo ndikuona kuti wolemba anachitira dala. Ngati mtima wanu sumasuka ndi nkhani za mizimu musadzikakamize, mabuku ndi ambiri. Koma kunena zoona chomwe chingakuchititseni manyazi mu minibasi wina akasuzumira si majini ayi, ndi ndime zakuchipinda.

Joanne anthu amamukonda kapena amawatopetsa?

Apa mpomwe owerenga amagawikana pakati ngati papaya. Omukonda amati ndi wolimba mtima, woseketsa, pakamwa pake sipatseka ngakhale akumukoka kupita naye kokaphedwa, ndipo sadikira mwamuna kuti amupulumutse, amayamba yekha kulowa mmoto ena nkumamutsatira. Poti nkhani yonse ikuchokera mkamwa mwake, ukamukonda masamba amangothamanga.

Omwe amatopa naye ali ndi milandu itatu. Woyamba nsapato. Mayiyu mzinda ukuphwasuka iye akudandaula kuti Manolo Blahnik zake zathyoka chidendene, munthu aliyense akalowa timayamba tauzidwa kuti wavala chani, nsalu yanji, yogula kuti. Wachiwiri magalimoto, koma uwu ine ndimamukhululukira chifukwa Delilah, Mustang Mach 1 yake ya 1971, ndi munthu payekha mbuku loyamba, ndipo mmene amafotokozera injini ikamalira ngakhale iwe woyenda pa kabaza umamva kukoma. Wachitatu ndi wakuti mwamuna aliyense mmabukumu amamufuna, wabwino, woyipa, wamkulu, wamng'ono, jini, wapolisi, onse. Pofika buku lachisanu umayamba kufunsa kuti kodi ku America kulibe akazi ena?

Ine ndili pakati. Za zovalazo ndinazolowera, ndinafika poziona ngati njira yake yosapengera misala, munthu ukamaona imfa tsiku lililonse uyenera kukhala ndi kanthu kakang'ono kodandaula nako. Koma za amunazo zinanditopetsa shuwa.

David kapena Lewis?

Mkangano uwu sudzatha. A David amati taonani kudzipereka, jini wamphamvu chonchija kulolera kutaya chilichonse chifukwa cha munthu woti mawa afa. A Lewis amati David alibe khalidwe lina kupatula kukonda Joanne, mukamuchotsa Joanne watsala ndi jekete lalitali ndi maso okongola basi. Ine ndine wa Lewis, osati kuti akanakwatirana ayi, koma iye ndi amene amasintha. Amayamba ngati mnyamata wofatsa woyenda ndi chikwama kumsana wothawa udindo, kenako udindo ukumugwera, ndipo umamuona akusanduka munthu wotha kupereka mnzake nsembe kuti apulumutse anthu mamiliyoni, akulira koma akuchitabe. David ndi wokoma kumuwerenga, Lewis ndi amene umamuganizira buku utalitseka.

Chomwe anthu amadandaula kwambiri ndi chani?

Kupuma kulibe. Buku lililonse Joanne akuthamangitsidwa, wamenyedwa, wawotchedwa, wamira, wataya mphamvu, wazipezanso, wataya David, wamupezanso, ndipo zambiri zikuchitika mmasiku ochepa chabe moti umadabwa kuti munthuyu amadya nthawi yanji. Poyamba zimakoma, umagona 2 koloko usiku ukuti chaputala chimodzi chokha, ndipo machaputala ake ndi ataliatali. Koma ukawerenga motsatizana umachita dzanzi. Ngozi ikakhala ya dziko lonse buku lililonse umasiya kuopa, umangoti aaa apulumuka ngati kale.

Chachiwiri mathero. Ambiri mwa mabukuwa samatha, amangodukira pakati ngati magetsi azima filimu ili pokoma. Ife tili ndi mwayi poti onse alipo, tangoganizani omwe ankawerenga mu 2006 nkudikira chaka chathunthu. Chachitatu malamulo a matsenga amasinthasintha, chomwe tinauzidwa kuti nchosatheka mbuku lachiwiri chikutheka mbuku lachisanu ndi chimodzi chifukwa choti nkhani yafuna choncho. Apa ndi pomwe ndimaona liwiro lolembera lija.

Langizo langa, musawameze onse sabata imodzi. Awiri kapena atatu, pumani, werengani china, mubwerere.

Labwino kwambiri ndi liti, lofooka ndi liti? Chenjezo, apa ndikuulula

Amene simunawerenge dumphani funso ili.

Ill Wind ndi lomwe pafupifupi aliyense amavomereza, nkhani yake ndi yaying'ono, msewu umodzi, galimoto imodzi, munthu mmodzi wofuna kupulumuka, ndipo mdani weniweni akupezeka kuti ndi mnzake wapamtima Star, zimapweteka. Joanne akufa kumapeto David nkumusandutsa jini. Heat Stroke ndiye akuphunzira ujini ndipo iye mwini akumangidwa m'botolo, wogwira botololo ndi Kevin, kamnyamata kosokonekera kozunzidwa ndi mayi wake omupeza. Kwa ine ili ndi lomwe lili ndi nzeru kuposa onse, chifukwa yemwe ankalakalaka kukhala ndi kapolo tsopano akumva yekha mmene zimakhalira thupi lako likamamvera mawu a mwana wa eni iwe usakufuna. Ena amadana nalo poti nyengo ilimo yochepa. Chill Factor lili ku Las Vegas, Joanne wabwerera ku umunthu, ndipo tikukumana ndi gulu lina lotchedwa Ma'at lomwe limati majini ugwire nawo ntchito mogwirizana osati m'botolo.

Windfall ndi loseketsa, Joanne wasiya ntchito ndipo akuvekedwa zovala zochititsa manyazi pa TV ku Fort Lauderdale ngati wothandizira wolosera zanyengo, pomwe David akudwala nkumasanduka Ifrit, jini wowonongeka wodya anzake. Mchemwali wake Sarah ndi chibwenzi chake Eamon akulowa apa, Eamon alibe mphamvu iliyonse ya matsenga koma ndi amene anandiopsa kuposa ziwanda zonse. Firestorm majini amasuka ndipo ali ndi ngongole zoti abweze. Thin Air ndi lomwe anthu amakanganirana, Joanne akudzuka mnkhalango osakumbukira chilichonse, ena amati ndi njira yaulesi yotalikitsira nkhani, ena amati nlabwino poti timawaona anthu onse ndi maso atsopano. Ine linandikwiyitsa poyamba kenako ndinalikonda. Gale Force ndi zokonzekera ukwati pakati pa zoopsa, Cape Storm ali pa sitima yapamadzi ya alendo akulondola Bad Bob yemwe wapezeka kuti sanafe, ili ndi lomwe ndingati lofooka, umaona kuti aliyense watopa kuphatikiza wolemba. Total Eclipse likutseka bwino kuposa mmene ndinkayembekezera, dziko ladzuka.

Zikufanana ndi nkhani zathu za Mbona kapena Napolo?

Ndinadziwa kuti wina afunsa. Wolembayo sanatenge kanthu kwa ife, nkhani yake ndi ya ku America kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Koma iwe wowerenga wa kuno sungalephere kuyerekeza. Ife maganizo oti mvula ili ndi eni ake si achilendo, ku Khulubvi ku Nsanje kuli kachisi wa Mbona, ku Msinja kunali Makewana, ndipo phiri likagumuka ndi madzi timati Napolo wadutsa, monga ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Ndiye mzungu akamadabwa ndi nkhani yoti mkuntho uli ndi mkwiyo ndipo ukusaka munthu, ife timangoti eya, pitirizani.

Kusiyana kwake nkomwe kumandichititsa chidwi. Kwa makolo athu mvula sunkailamula, unkapempha, mudzi wonse, ndi nsembe, nsalu yakuda, nyimbo, ndipo ikakana ankafufuza kuti talakwa pati. Ma Warden sapempha munthu, amakwera mmwamba nkukonza ngati makaniko. Ndipo mabukuwa akamapita kutsogolo umapeza kuti mlandu wawo ndi womwewo, akhala akulamula chinthu chomwe ankayenera kuchilemekeza, ndiye mapeto ake Joanne akuyenera kupita kwa ma Oracle, mizimu ikuluikulu yolumikiza majini ndi dziko lapansi, kukagwada nkupempha. Ndinaseka ndekha kuti mwazungulira mabuku onsewa kuti mufike pomwe agogo anayambira.

Mbali ina siyoseketsa. Kwathu kuno mawu oti uje akumanga mvula si nthano, agogo amenyedwa ndi kuthamangitsidwa mmidzi chifukwa cha mawu amenewo chilala chikavuta, ngakhale lamulo la 1911 lija limaletsa kunenera munthu ufiti. Ndiye mmabukumo ndikamawerenga anthu wamba atadziwa kuti ma Warden alipo nkuyamba kufunsa kuti nanga mwana wanga atafa ndi mkuntho munali kuti, ine ndinkaona nkhope zina osati za ku Florida.

Pambuyo pa Freddy, munthu angawerenge za namondwe ngati zosangalatsa?

Zimatengera munthu. Ine ndinabwereza Windfall Freddy atadutsa mu Malichi 2023 ndipo silinakome ngati poyamba. Ukaona zomwe zinachitika ku Chilobwe, matope ndi miyala kutsika mphiri la Soche usiku anthu ali mtulo, ndime yoti mphepo ikuzula madenga siikhalanso ya pa TV. Ndinalisiya milungu ingapo. Wina anandiuza zosiyana, akuti kwa iye zinamutonthoza kuganiza za dziko lomwe kuli munthu woti angakwere mmwamba nkukalimbana nacho chinthucho mmalo mongomvera wailesi. Owerenga a ku America nawo zinawachitikira, Windfall inatuluka mu 2005 chaka chomwe namondwe Katrina anamiza mzinda wa New Orleans.

Chomwe ndingayamikire wolembayu nchakuti namondwe samusandutsa chidole. Anthu amafa mmabukumu, ma Warden amalephera, nthawi zina amafika mochedwa. Ngati munataya wachibale pa madzi aja yambani mwadikira kaye, kapena mudumphe Windfall ndi Cape Storm.

Mwana wanga wa Fomu 2 angawerenge?

Ayi. Awa ndi a akuluakulu, muli zogonana, kutukwana, kuzunza, ndipo nkhani ya Kevin ndi mayi ake omupeza ndi yolemera ngakhale kwa ife. Musapusitsidwe ndi dzina la wolemba poti mwanayo anawerengapo Morganville, amenewo ndi ena. Mupatseni The Great Library ya wolemba yemweyu ngati akufuna zake.

Chingerezi chake nchovuta?

Si cha mmabuku a sukulu, ndi cholankhula cha ku America, nthabwala zambiri zikukhudza ma pulogalamu a TV, masitolo ndi zovala zakumeneko ndiye zina zimakudutsa, osadandaula sizisokoneza nkhani. Mawu a zanyengo ndi omwe angakuvuteni masamba oyamba, khalani ndi dikishonale pa foni, pofika pakati mudzakhala mukuwadziwa. Komanso amayeza kutentha mu Fahrenheit ndi mtunda mu mamailosi, ndiye akati kunja kuli 100 musaganize kuti anthu akuwira, ndi pafupifupi 38 yathu ija, ngati ku Nsanje mu Okutobala.

Ndingayambire pakati? Ndapeza lachinayi lokha pa kaunjika wa mabuku

Musatero, mudzangosokonezeka. Iyi ndi nkhani imodzi yodulidwa zidutswa 9, buku lililonse likuyambira pomwe linzake lasiyira ndipo likuulula mathero a lam'mbuyo mmasamba oyamba. Gulani lachinayilo musunge, mufunefune loyamba. Apepala ndi osowa kuno, umachita kuwapeza mwamwayi kapena kutuma wachibale wa ku Joni kapena ku UK, koma a pa foni ndi omvetsera alipo pa Kindle ndi Audible ngati muli ndi njira yolipirira. Kanthu kena kokoma, wolembayo ankaika mndandanda wa nyimbo zomwe ankamvera polemba, ena amawerenga akumvera zomwezo, ine ndinayesa koma bandulo inandithera.

Kuli ena otsatira? Adzatulukanso atsopano?

Kuli anayi apambali otchedwa Outcast Season, Undone 2009, Unknown 2010, Unseen 2011 ndi Unbroken 2012. Awa wofotokoza ndi Cassiel, jini wakale wonyada yemwe anakana lamulo la mkulu wake Ashan nkuponyedwa mthupi la munthu ngati chilango, ndiye akuphunzira njala, kutopa ndi kusamala mwana. Pali owerenga ndithu omwe amati awa ndi abwino kuposa a Joanne, poti Cassiel sasamala za nsapato ndipo kuona jini akudabwa ndi umunthu wathu nkoseketsa komanso nkomvetsa chisoni. Nthawi yake ikuyendera limodzi ndi mabuku omaliza a Joanne, ndiye ndi bwino kuyamba Undone mutamaliza Gale Force.

Atsopano ochokera kwa mwini wake musadikire. Rachel Caine anamwalira pa 1 Novembala 2020 ndi khansa, ali ndi zaka 58.

Inuyo mungawabwerezenso onse?

Onse ayi. Oyamba atatu ndabwereza kale kawiri ndipo ndidzabwerezanso, Thin Air mwina, Cape Storm ndinabwereketsa ndipo sindikumulondola yemwe anatengayo. Chomwe chinanditsalira nchakuti nthawi ya dzinja mitambo ikamaunjikana chakumadzulo ndimapezeka ndaima pakhonde ndikuyang'ana kuti mpweya wotentha ukukwerera pati, mpaka akunyumba anayamba kundifunsa ngati achape zovala lero kapena ayi. Ndimayankha molimba mtima, ndipo kawiri konse zovala zinanyowa.